Alick Nkhata ndi Nyimbo za Country: Moyo wa Woimba ndi Omvera Ake ku Katete, Sinda ndi Vubwi

1.0 Mawu oyamba

Aphunzitsi a Chinyanja akamasankha nyimbo zoti ophunzira azisanthule m'kalasi, kawirikawiri amatenga nyimbo za pamtondo, za chinamwali, za chitelele kapena za gule wamkulu, ndipo nyimbo zoimbidwa ndi gitala amazisiya pambali poganiza kuti ndi zachilendo. Mwa nyimbo zonse za gitala, zimene zimakayikiridwa koposa ndi zija zotsamira pa mayimbidwe a ku America otchedwa country, pakuti ambiri amati woimba wotere amangotsanzira mzungu ndipo alibe chimene angaphunzitse mwana wa Mchewa kapena wa Mnsenga.

M'nkhani ino tifuna kufotokoza moyo ndi ntchito ya malemu Alick Nkhata (1922–1978), mmodzi mwa oimba oyamba a ku Zambia amene anatenga gitala ndi kaimbidwe kogwirizana mawu ka country nkuziveka zilankhulo za kuno. Tiyenera kunena poyambirira kuti a Nkhata sanali mbadwa ya chigawo cha kummawa, ndiponso sanali woimba country weniweni monga amaimbira a ku Nashville. Tawasankha chifukwa mawu awo ndiwo anafika m'midzi ya ku Katete, Sinda ndi Vubwi kudzera pa wayilesi pa nthawi imene anthu a kumeneko ankayamba kumva nyimbo za mtundu umenewu. Tiyamba ndi chiyambi cha country, kenaka moyo wa woimbayo, omvera ake, ndipo pomaliza tiona zimene zimachitika ku Chinyanja chikakumana ndi gitala.

2.0 Chiyambi cha country ndi njira zimene inafikira kuno

Nyimbo za country zinakulira kumwera kwa dziko la United States pakati pa alimi osauka, anthu a m'migodi ndi ogwira ntchito pa njanji. M'chaka cha 1927, Ralph Peer wa kampani ya Victor anajambula oimba ambiri mu mzinda wa Bristol, ndipo mwa iwo munali banja la Carter ndi Jimmie Rodgers (1897–1933), amene kale ankagwira ntchito pa sitima za pamtunda. Rodgers anatchuka ndi kaimbidwe kodumphitsa mawu kuchoka pachifuwa kupita kukhosi, ndipo nyimbo zake zinkanena za sitima, za umphawi, za matenda ndi za munthu wosowa kwawo. Iye anamwalira ndi chifuwa chachikulu mu 1933, koma mbale zake za galamafoni zinapitirira kugulitsidwa m'maiko ambiri a mu Africa. Umboni wodziwika bwino ndi wa ku Kenya, kumene mu 1950 Hugh Tracey anajambula nyimbo za Akipsigis zotchedwa Chemirocha, dzina limene ndi katchulidwe kawo ka Jimmie Rodgers.

Kuno pakati pa Africa, nyimbozi zinalowa pa njira zitatu. Njira yoyamba inali galamafoni, imene amuna obwerera ku ntchito ku Salisbury, Bulawayo, Johannesburg ndi ku migodi ya mkuwa ankabwera nayo kumudzi monga chizindikiro chakuti ulendo sunapite pachabe. Njira yachiwiri inali kanema wa anyamata oweta ng'ombe okwera pa akavalo. Hortense Powdermaker, amene anachita kafukufuku ku Luanshya mu 1953 ndi 1954, analemba m'buku lake la Copper Town kuti makanema amenewa ankakondedwa kwambiri m'makomboni a m'migodi, ndipo ngwazi ya m'kanema anthu ankangoitchula kuti Jack. Njira yachitatu, imene inaposa zonse, inali wayilesi.

Oimba a mu Africa sanachedwe kutola kaimbidweka. Ku Bulawayo kunali George Sibanda, amene Tracey anamujambula chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, ndipo nyimbo yake ina inawoloka nyanja nkukaimbidwa ndi oimba a ku America omwe. Ku Malawi ndi ku Zambia kunabuka kaimbidwe ka hauyani, kotsetsereka botolo kapena mpeni pa nsambo za gitala, kamene Gerhard Kubik anakafufuza mwatsatanetsatane. Motero a Nkhata sanali okha. Anali mmodzi wa mbadwo wonse wa oimba amene anaphunzira gitala pomvetsera galamafoni.

3.0 Moyo ndi ntchito ya Alick Nkhata

Alick Nkhata anabadwira ku Kasama m'chaka cha 1922. Bambo awo anali Mtonga pamene mayi awo anali Mbemba, ndipo kuyambira ubwana anakula akumva zilankhulo zingapo. Anaphunzira ntchito ya uphunzitsi, koma nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itabuka analowa usilikali ndipo anatumizidwa ku Burma monga anachitira amuna ambiri a ku Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Atabwerako anagwira ntchito ndi Hugh Tracey, nkumayenda naye pojambula nyimbo za makolo m'midzi ndi m'makomboni. Tracey ndiye anadzakhazikitsa International Library of African Music mu 1954, nkhokwe ya nyimbo imene tsopano ili pa yunivesite ya Rhodes ku South Africa. Ntchito imeneyi inawaphunzitsa a Nkhata zinthu ziwiri zimene zinawathandiza moyo wawo wonse: kumvetsera nyimbo za mitundu ina mwachidwi, ndi kudziwa zimene makina ojambulira mawu amafuna kwa woimba.

Kuulutsa mawu pa wayilesi kunayamba ku Lusaka mu 1941 pofuna kupereka nkhani za kunkhondo kwa mabanja a asilikali. Nkhondo itatha, nyumba youlutsira mawuyo inakula nkukhala Central African Broadcasting Station, imene inkalankhula ndi anthu akuda a ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland m'Chibemba, Chinyanja, Chitonga, Chilozi, Chishona, Chindebele ndi Chingerezi. A Nkhata analowa ntchito kumeneko monga muulutsi ndi womasulira, ndiponso ankayang'anira kujambula nyimbo. Anakhazikitsa kagulu ka oimba anayi, ndipo pambuyo pake anatsogolera Lusaka Radio Band, imene inadzatchedwa Big Gold Six. Nyimbo zawo zinali za mitundu iwiri: zina ankazitenga m'midzi nkuziika pa gitala, zina ankapeka okha ponena za moyo wa m'tawuni, monga mowa, ndalama, oyendetsa matakisi ndi maukwati osalimba.

Ntchito ya muulutsi wakuda pa nthawi ya atsamunda inali ndi minga yake. Peter Fraenkel, amene anagwira ntchito pa wayilesiyi ndipo analemba buku la Wayaleshi mu 1959, akufotokoza kuti pa nthawi ya mkangano wa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinayamba mu 1953, kunamveka mphekesera zakuti aulutsi ndi anthu opopa magazi, amene ku Zambia ankatchedwa banyama. Anthu ankakonda nyimbo za pa wayilesi koma ankakayikira nyumba imene inkaziulutsa, ndipo muulutsi anali ngati munthu woima pakati pa njovu ziwiri. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, a Nkhata anaimba nyimbo zolimbikitsa chipani cha UNIP pa nkhondo yomenyera ufulu. Zambia italandira ufulu pa 24 Okutobala 1964, anakwezedwa kufika pa udindo wa wachiwiri kwa mkulu wa zoulutsa mawu, kenaka anakhala mkulu wa nthambi ya boma yoona za chikhalidwe.

Anapuma pa ntchito mu 1974 nkukakhala pa munda wawo ku Mkushi. Pa 19 Okutobala 1978, asilikali a boma la Rhodesia anaukira misasa ya ZIPRA m'dziko la Zambia, umodzi mwa iyo uli ku Mkushi, ndipo a Nkhata anaphedwa pa chipolowe chimenecho. Lero dzina lawo lili pa msewu wa Alick Nkhata mu mzinda wa Lusaka, umene umadutsa pa likulu la wayilesi ya dziko. Nyimbo zawo zina zinasonkhanitsidwa ndi kampani ya RetroAfric ya ku London mu 1991 pa chimbale chotchedwa Shalapo.

4.0 Omvera a ku Katete, Sinda ndi Vubwi

Maboma a Sinda ndi Vubwi ndi atsopano: anakhazikitsidwa mu 2012, Sinda kuchokera ku mbali za Katete ndi Petauke, ndipo Vubwi kuchokera ku Chadiza. Koma dera lonseli ndi lakale pa mbiri ya Chinyanja. Ku Katete ndiko kuli Mkaika, likulu la Kalonga Gawa Undi, kumene Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana mwezi wa Ogasiti pa mwambo wa Kulamba. Ku Sinda Achewa amakumana ndi Ansenga, pamene Vubwi ili pa malire a maiko atatuwa. Choncho wayilesi ya ku Lusaka ikamalankhula Chinyanja, anthu a kuno anali m'gulu la eni ake a chilankhulocho.

Chimene chinabweretsa mawu a a Nkhata m'midzi imeneyi ndi kawayilesi kotchipa kotchedwa Saucepan Special, kamene kanayamba kugulitsidwa mu 1949. Mkulu wa zofalitsa nkhani m'boma la atsamunda, Harry Franklin, ndiye anapempha kampani ya Ever Ready ya ku Britain kuti ikapange. Kanali kozungulira ngati poto, koyendera batire, ndipo mtengo wake unali mapaundi 5, batire kugula padera. Ndalama zimenezi zinali zambiri kwa mlimi wamba, motero wayilesi inkapezeka kwa mphunzitsi, kalaliki wa khoti la mfumu, mwini sitolo kapena munthu wobwera kumene ku ntchito, ndipo madzulo anthu ankaizungulira monga amazungulirira moto pomvera nthano. Mfundo imeneyi ndi yofunika kwa ife: nyimbo ya pa wayilesi inkamvedwa pagulu, inkakambidwa pagulu, ndipo mawa lake inkaimbidwa kudambo ndi kumunda.

Nanga n'chifukwa chiyani nyimbo zochokera kutali chotere zinawagwira mtima anthu a kuno? Tikuganiza kuti yankho lili m'mbiri ya ulendo wokafuna ntchito. Kuyambira pamene msonkho wa nyumba unakhazikitsidwa, amuna a m'chigawo chino ankachoka kupita ku minda ya fodya ya ku Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, ku Walale, ku Joni ndi ku migodi ya mkuwa. Ena ankabwerako patapita zaka, ena ankatayika nkutchedwa machona. Pakati pa Achewa, amene amatsata mbumba ya kuchikazi ndipo mwamuna amakhala pa chikamwini, mkazi ndiye ankatsala ndi munda, ana ndi nkhokwe, ndipo madandaulo ake ankawatulutsira pamtondo. Woimba country akamalira za sitima imene yamutengera kutali, za kalata yosabwera ndi za mayi ake okalamba, ankakhudza bala limene anthu a ku Katete anali nalo kale. Kusiyana kwake n'kwakuti pamtondo amalira ndi wotsala, pamene pa gitala amalira ndi wopita. Mitundu iwiriyi ya nyimbo ili ngati mbali ziwiri za kukambirana kumodzi.

A Nkhata sananyoze chuma cha nyimbo za kummawa. Pa chimbale chimene tatchula chija pali nyimbo yotchedwa Kalindawalo ni Mfumu, yonena za mfumu yaikulu ya Ansenga ya ku Petauke. Mutu wa nyimboyi wokha uli ndi phunziro: pamene Chinyanja cha m'mabuku chimati "ndi", Chinsenga ndi Chinyanja cha ku Lusaka zimati "ni". Woimbayo sanakonze mawuwo kuti afanane ndi a m'buku, ndipo Mnsenga wa ku Sinda ankamva chilankhulo chake chenicheni chikutuluka mu wayilesi.

Chikondi cha country sichinathere pamenepo. Jim Reeves (1923–1964), amene anakaimba ku South Africa mu 1962, analowa m'nyumba zambiri za akhristu ndi nyimbo zake zauzimu, ndipo Don Williams atakaimba ku Harare mu 1997 anapeza khamu lodziwa kale nyimbo zake. Ngakhale pamene Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula mu 1975 kuti pafupifupi nyimbo zonse za pa wayilesi zikhale za ku Zambia, kaimbidwe ka gitala kamene a Nkhata ndi anzawo anakhazikitsa kanali katakhala kale kakwathu.

5.0 Chinyanja chikakumana ndi gitala

5.1 Maphatikizo

Vuto loyamba la woimba ndi kutalika kwa mawu. Mawu ambiri a m'nyimbo za Chingerezi ndi a phatikizo limodzi, monga home, train ndi love, pamene kumudzi, sitima ndi chikondi ali ndi maphatikizo atatu aliwonse. Ndime ya country imakhala ndi mizere inayi yofanana msinkhu, motero woimba wa Chinyanja ayenera kunena zochepa kapena kufupikitsa mawu. Apa ndi pamene timamva mwananga m'malo mwa mwana wanga, mkazanga m'malo mwa mkazi wanga, ndi kwathuko m'malo mwa kwathu uko. Kufupikitsa kotere sikuphwanya malamulo. Ndi kalankhulidwe ka tsiku ndi tsiku kamene nyimbo imangokaonetsa poyera.

5.2 Kutalika kwa phatikizo lotsatana ndi lomaliza

M'Chinyanja, phatikizo loyandikana ndi lomaliza m'chiganizo limatalika, monga "mu" m'mawu akuti ndikupita kumudzi. Mzere wa country nthawi zambiri umatsindika phatikizo lomaliza lenileni. Woimba ali ndi njira ziwiri: kusuntha kugunda kwa gitala kuti kugwere pa phatikizo lotalikalo, kapena kuwonjezera kamawu kolira monga "ee", "ine" kapena "mayo" kuti katenge malo otsalawo. Njira yachiwiriyi ndi yomweyo imene amayi amagwiritsa ntchito pamtondo ndi pamaliro.

5.3 Kamvekedwe

Chinyanja chimasiyanitsa matanthauzo ndi kukwera kapena kutsika kwa liwu. Mténgo wa m'thengo umasiyana ndi mtengo wa katundu, ndipo khúngu la thupi limasiyana ndi khungu la maso. Ngakhale nthawi ya mneni imadalira kamvekedwe: ndináfótokoza ndi za kale, pamene ndinafótókoza ndi za posachedwa. Nyimbo yobwera ndi chuni chake chokonzeka kale ikhoza kukweza liwu pamene chilankhulo chifuna kuti litsike. Apa ndi pamene pamaonekera kusiyana kwa wotsanzira ndi mmisiri: wotsanzira amakakamiza mawu kulowa m'chuni cha eni ake, pamene mmisiri amapinda chunicho kapena kusankha mawu ena. Vuto lomweli analipeza amishoni pomasulira nyimbo za m'tchalitchi, ndipo kuyerekeza mitundu iwiriyi kungakhale kafukufuku waphindu.

5.4 Kufanana kwa mawu

Ndakatulo ya Chingerezi imanyadira kufanana kwa mawu a kumapeto kwa mizere. M'Chinyanja mawu onse amathera pa limodzi mwa malembo a liwu asanu, choncho kufanana kotereku n'kosavuta ndipo khutu silikuwerengera ngati luso. Kukoma kwa mzere wa Chinyanja kumachokera kutsogolo kwa mawu, m'kugwirizana kwa magulu a mayina, monga tikati "chikondi chathu chija chatha", komanso m'kubwereza ndi m'mvekero. Ndiye chifukwa chake nyimbo ya gitala ya m'Chinyanja imabwerera msanga ku dongosolo la mtsogoleri ndi ovomera, ngakhale itayamba ngati ya munthu mmodzi.

5.5 Kugwirizana kwa mawu a oimba

A. M. Jones, amene anaphunzitsa kwa zaka zambiri ku Mapanza, anaonetsa kuti mitundu ya anthu a m'Zambia imasiyana pa kagwirizanitsidwe ka mawu. Abemba amaimba motalikirana ngati "do" ndi "mi", pamene Ansenga, amene John Blacking anafufuza nyimbo zawo za kalimba ku Petauke nkuzilemba mu 1961, amakonda kutalikirana kwa "do" ndi "fa". Oimba country nawonso amatsata "do" ndi "mi". Tikuona ngati ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene mwana wa mayi wa Chibemba anapezera kaimbidweka kukhala kosavuta, ndiponso chimene chinachititsa kuti kwa womvera wa kummawa kamveke kachilendo pang'ono, kofanana ndi ka kwaya ya ku mishoni.

6.0 Phindu lake kwa mphunzitsi ndi wofufuza

Choyamba, nyimbozi ndi umboni wa mmene Chinyanja cha m'tawuni chinkamvekera zaka za m'ma 1950, nthawi imene mabuku osindikizidwa ankatsata Chinyanja cha amishoni. Mawu obwereka monga wayilesi, galamafoni, gitala, sitima ndi takisi amaonetsa bwino lamulo lakuti phatikizo la Chinyanja limathera pa lembo la liwu, ndipo ophunzira akhoza kulipeza okha lamuloli pomvetsera.

Chachiwiri, luso la pa wayilesi lavomerezedwa kale ngati gawo la zolembalemba za Chinyanja. Nthano za Julius Chongo za m'pulogalamu ya Poceza m'Madzulo zinasanthulidwa mozama ndi Ernst Wendland, ndipo Andreya Masiye, amene naye anali muulutsi, analemba buku la Singing for Freedom mu 1977 lonena za nyimbo za nthawi yomenyera ufulu. Ngati nthano ya pa wayilesi ili yoyenera kusanthulidwa, sitikuona chifukwa chokanizira nyimbo imene inkaulutsidwa m'nyumba yomweyo kwa omvera omwewo.

Chachitatu, mphunzitsi akhoza kuika nyimbo ya pamtondo pambali pa nyimbo ya gitala nkufunsa ophunzira mafunso awa: Akulankhula ndani? Akudandaula za yani? Ndi zifanifani ziti zimene zachokera kumudzi, nanga ndi ziti zachokera kutawuni? Ndi pati pamene chuni chagonjera kamvekedwe ka mawu, nanga ndi pati pamene mawu agonjera chuni? Phunziro lotere limalumikiza malamulo a chilankhulo, ndakatulo ndi mbiri m'ola limodzi.

Koma pali changu. Mwana amene anamvera Saucepan Special ali ndi zaka khumi mu 1950 anabadwa mu 1940, ndipo anthu a msinkhu umenewo akutha m'midzi. Iwo ndiwo angatiuze mawu amene ankasintha poimba, nyimbo zimene zinalowa m'magule, ndi zimene anyamata opanga mabanjo a zitini ankatolapo. Mbale ya galamafoni imasunga woimba yekha. Womvera amasungidwa ndi wofufuza amene wapita kukakhala naye pansi.

7.0 Mawu omaliza

Taona kuti Alick Nkhata anali mphunzitsi, msilikali, wojambula nyimbo za makolo, muulutsi ndi woimba, ndipo ntchito zonsezi zinakumana m'nyimbo zake. Taonanso kuti country inalandiridwa ku Katete, Sinda ndi Vubwi chifukwa inkanena za kupatukana kumene mabanja a kumeneko ankakudziwa kale, ndiponso kuti polowa m'Chinyanja inayenera kugonjera maphatikizo, kamvekedwe ndi kubwereza kwa chilankhulocho. Akuluakulu amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, koma wometa nako ndi mwini mudzi. Pempho lathu kwa anzathu a m'madipatimenti a zilankhulo ndi lakuti mawu a nyimbozi alembedwe pamodzi ndi zizindikiro za kamvekedwe, okalamba a m'maboma atatuwa afunsidwe adakali moyo, ndipo zotsatira zake zifike m'manja mwa aphunzitsi a ku sekondale ndi a m'makoleji a zauphunzitsi.